Chiweto chikayamba misozi, tisadikire ng'ala

Kuno ku Neno, makamaka ku Lisungwi ndi ku Zalewa, matenda a maso a ng'ombe ndi mbuzi timawadziwa. Fumbi ndi udzu wouma zimakanda diso, tizilombo n'kupeza polowera. Ntchentche zikamwa misoziyo zimakapatsira khola lonse.

Chiweto chimayamba kutsinzina, kukha misozi ndi kuthawa dzuwa. Tikachedwa, diso limachita mbuu, mwina kuphulika kumene. Mbuzi yosaona siidya bwino, imawonda. Ndipo tikudziwa kuti chiweto chakufa diso sichiloledwa pa Qurbani.

Chodwalacho tichipatule, tichiike pamthunzi, titsuke nkhope yake ndi madzi owiritsa atazizira. Kenaka tiitane alangizi a ziweto. Mankhwala alipo: opaka m'diso a tetracycline kapena cloxacillin, komanso jekeseni wa oxytetracycline. Akabaya, tisazinge kapena kumwa mkaka wake mpaka masiku olembedwa pabotolo atakwana.

Abale, fodya, tsabola ndi parafini zisayandikire diso la chiweto, zimangokulitsa chilonda. Inu akunyanja, kumbukirani kuti matumbo a nsomba amaitana ntchentche. Tiziwakwirira kutali ndi khola.