Za Tulo ndi Kuchezera pa Mabuku

Nyengo ya mayeso ikayandikira, m'nyumba zathu zogona mumayamba kuoneka zodabwitsa. Belu lozimitsa magetsi likangolira, ena a ife afunda bulangeti mpaka kumutu, si chifukwa cha kuzizira ayi, koma kuti kuwala kwa tochi kusaoneke kwa aphunzitsi oyendera. Ena adzuka tambala asanalire, natunga madzi ozizira m'beseni, naviikamo mapazi kuti tulo tithawe. Inenso ndinachita zimenezi chaka chatha, ndipo sindinena monyada. Ndinachezera usiku wonse pa buku la Jogalafe, koma m'mawa mwake, pepala litaikidwa patsogolo panga, ndinawerenga funso loyamba katatu osamva chimene linali kufunsa. Mitsinje yonse imene ndinaloweza usiku uja inali itaphwa.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufunsa ndi kuwerenga za tulo. Zimene ndapeza ndifuna kugawanako ndi anzanga, makamaka inu a Fomu 1, amene mumatengera kwa ife akuluakulu makhalidwe abwino ndi oipa omwe.

Tiyambe ndi mnyamata wina wa sukulu monga ife, dzina lake Randy Gardner, wa mumzinda wa San Diego ku America. Pa 28 Disembala 1963, ali ndi zaka 17, iye anayamba kuyesa kuti aone masiku amene munthu angathe kukhala osagona, pofuna kukaonetsa zotsatira zake pa chionetsero cha sayansi cha ana a sukulu. Anzake awiri anali kumulondera mosinthana kuti asatseke maso, ndipo katswiri wa za tulo, William Dement wa ku yunivesite ya Stanford, atamva mbiriyi anapita kukadzionera yekha. Mnyamatayo anakhala maso maola 264, ndiko kuti masiku 11, nakagona pa 8 Januwale 1964.

Wina pakumva izi angati, "Nanga si umboni umenewo wakuti tulo n'topanda ntchito?" Koma tamvani zimene zinamuonekera. Patangopita masiku owerengeka anayamba kupsa mtima msanga ndi kuiwalaiwala. Pa tsiku lachinayi anaona chikwangwani cha pamsewu nachiyesa munthu. Pa tsiku lomaliza dokotala anamuuza kuti ayambe pa 100 n'kuchotsa 7, pa zotsalazo n'kuchotsanso 7, chomwecho mpaka pansi. Awa ndi masamu a ku pulayimale. Iye anafika pa 65 n'kungoima, ndipo atamufunsa chifukwa chake anati waiwala chimene anali kuchita. Miyendo ndi manja zinali kugwirabe ntchito, pakuti anali kuyenda ndi kusewera ndi anzake. Chimene chinafooka ndi chomwe ife timachifuna kwambiri m'chipinda cha mayeso: kusunga chinthu m'mutu kufikira utathana nacho. Atamulola kugona, anagona maola 14 ndi mphindi 40. Eni buku la Guinness, amene amalemba za anthu opambana pa zinthu zosiyanasiyana, anasiya kulandira mpikisano wotere mu 1997 poona kuti ngwoopsa.

Tsono tulo timachita chiyani m'mutu mwathu? Ambiri tiyesa kuti munthu akagona ubongo umazima ngati nyali. Si choncho. Kale mu 1924, pa yunivesite ya Cornell, John Jenkins ndi Karl Dallenbach anatenga ophunzira awiri nawapatsa timawu topanda tanthauzo kuti aloweze, khumi pa nthawi imodzi. Masiku ena ophunzirawo anali kugona atangotha kuloweza, masiku ena anali kupita ku ntchito zawo za masana. Pofunsidwa patatha maola 8, akakhala kuti anagona anali kukumbukira timawu toposa theka. Akakhala kuti anali maso, anali kukumbukira pafupifupi kamodzi kokha. Mitu inali yomweyo, kuloweza kunali komweko, kusiyana kunali pa tulo.

Masiku ano akatswiri adziwa zambiri za chifukwa chake. Zimene taphunzira masana zimayamba zakhala m'kachigawo kena ka ubongo kotchedwa hippocampus. Tikagona tulo tofa nato, ubongo umazibwereza ndi kuzikhazika m'malo mwake mokhalitsa. Ine ndimaziyerekeza ndi chimanga. Kuwerenga ndiko kukolola ndi kuunjika m'munda, kugona ndiko kututa ndi kuika m'nkhokwe. Mlimi amene angokolola usana ndi usiku, osapeza nthawi yotuta, asadabwe akapeza chiswe ndi mbewa zitamudyera. Ine pa usiku wa Jogalafe uja ndinali mlimi wotere.

Ndiponso tulo si ta mtundu umodzi. Mu 1953, ku Chicago, Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman anapeza kuti pa nthawi zina za usiku maso a munthu wogona amayendayenda mofulumira kunsi kwa zikope, ndipo ukamudzutsa pamenepo, kawirikawiri amati anali kulota. Tulo timazungulira: topepuka, kenaka tofa nato, kenaka ta maloto, ndipo ulendo umodzi umatenga pafupifupi mphindi 90, kanayi kapena kasanu pa usiku. Tulo tofa nato timachuluka kumayambiriro kwa usiku, pamene ta maloto timachuluka chakumbandakucha. Chotero mnzathu wa beseni uja, wodzuka 3 koloko, amadula mbali yaikulu ya tulo ta maloto. Kwa anyamata amene adandaula za kufupika ndionjeze kuti timadzi ta m'thupi tokulitsa munthu timatuluka kwambiri pa nthawi ya tulo tofa nato. Sindilonjeza kuti mudzatalika ngati mlongoti, koma musadzimane dala.

Nanga maola okwanira ndi angati? Bungwe la madokotala a za tulo ku America, American Academy of Sleep Medicine, linanena mu 2016 kuti a zaka 13 mpaka 18 afunika maola 8 mpaka 10 pa tsiku. Tawerengani nokha. Ngati belu lodzutsa lilira 5 koloko, ndiye kuti pofika 9 koloko usiku munthu ayenera kukhala atagona kale, osati ali kufunafuna kope. Ku Australia, mu 1997, Drew Dawson ndi Kathryn Reid anayesa anthu osagona nawayerekeza ndi anthu omwa mowa. Anapeza kuti munthu akakhala maso maola 17, maso ndi manja ake zimagwira ntchito ngati za munthu amene m'magazi mwake muli mowa wokwana 0.05 peresenti, mlingo umene m'dziko limenelo suloledwa kwa woyendetsa galimoto. Wodzuka 5 koloko amakwanitsa maola 17 amenewa pa 10 koloko usiku. Palibe wa ife amene angalowe m'mayeso atalawa kachasu, koma timalowamo tili dzandidzandi ndi tulo, n'kumadzitama kuti ndife akhama.

Choipa china cha kusowa tulo n'chakuti mwini wake sazindikira. Maso ali tong'o pa buku, koma ubongo umaba tulo ta kamphindi kochepa, munthu n'kudzidzimuka ali pansi pa tsamba osadziwa mmene wafikirapo. Ndani sanaonepo m'kope mwake mzere woyamba bwino n'kuthera ngati mapazi a nkhuku?

Beseni silingathetse zimenezi, ngakhale khofi. Munthu akakhala maso, mu ubongo mumaunjikana mankhwala ena achibadwa otchedwa adenosine, ndipo akachuluka ndi pamene timamva tulo. Amachepa pokhapokha tikagona. Caffeine, amene ali m'khofi, mu tiyi ndi m'zakumwa zam'mabotolo zimene amati n'zopatsa mphamvu, sachotsa adenosine ayi. Amangotseka makutu a ubongo kuti usamve kuitana kwake. Ali ngati munthu wotseka chitseko mwini ngongole ali pakhonde: ngongole ikadalipo, ndipo chitseko chidzatseguka. Komanso caffeine sachoka msanga. Patapita maola ngati asanu, theka lake limakhala likadali m'thupi, kotero kuti kapu ya 5 koloko madzulo imakutsatira mpaka pa bedi. Tiyi wathu wa ku Thyolo ndi Mulanje ngwabwino ndithu, koma nthawi yake ndi m'mawa.

Pali chinthu chimodzi chimene ndiyenera kutikhululukira nacho ife achinyamata. Thupi lili ndi wotchi yakeyake, ndipo kukada limatulutsa timadzi totchedwa melatonin touza munthu kuti usiku wafika. Pa msinkhu wathu uno timadzi timeneti timachedwa kutuluka kusiyana ndi mwa ana aang'ono kapena mwa makolo athu. N'chifukwa chake 9 koloko maso amakhala gwa, koma 5 koloko m'mawa bulangeti limalemera ngati thumba la mchenga. Si ulesi wokha ayi. Koma wotchiyi imamvera kuwala. Dzuwa la m'mawa limaibweza kuti tulo tibwere msanga usiku, pamene kuwala kwa usiku kumaichedwetsa. Apa ndi pamene foni yobisa pansi pa pilo imatipweteka kawiri: ndi kuwala kwake, ndiponso ndi uthenga umene ukufuna yankho, yankholo n'kubala uthenga wina, mpaka tambala kulira.

Tichite chiyani tsono? Chachikulu koposa ndi kugona ndi kudzuka pa nthawi imodzimodzi masiku onse, Loweruka ndi Lamlungu lomwe. Belu limene timalida lija pa nkhani iyi ndi bwenzi. Kugona mpaka dzuwa pamutu Lamlungu kumabweza pang'ono chabe pa ngongole ya mlungu wonse, ndipo kumasokoneza wotchi ija, kotero kuti Lolemba limayamba ndi mutu wolemera. Phunziro lovuta liwerengeni pa pulepu ya madzulo, mutseke buku, muyese kulinena pamtima, kenaka mukagone. M'mawa mulibwerezenso mphindi khumi, ndipo mudzadabwa. Kuchezera kwambiri kumabadwa mwa kuzengereza, ndipo tonse tidziwa zimene zinamuonekera Zengerezu. Amene awerenga pang'ono tsiku lililonse kuyambira teremu yoyamba safuna beseni.

Bedi likhale logonapo, osati lowerengerapo. Ngati nkhawa zikuzungulira m'mutu, zilembeni pa kapepala magetsi asanazime, pamodzi ndi chimene mudzachite nazo mawa. Tulo tikakana, musamayang'ane wotchi n'kumawerenga maola otsala, pakuti kuwerengako ndiko kumatithamangitsa. Gonani phee, muzipuma pang'onopang'ono. Neti ikhale yosokedwa ndi yopisiridwa bwino, chifukwa udzudzu umodzi wokha m'kati mwake ukwanira kuononga usiku, osanena za malungo. Matiresi atulutsidwe padzuwa ndi kuyang'anidwa m'misoko momwe mumabisala nsikidzi. Ndipo m'nyumba yogona anthu makumi anayi, tulo ndi ta tonse: mmodzi wofotokoza za mpira pakati pa usiku amabera anzake 39. Anzathu oyendera, amene amafika kunyumba atatopa ndi ulendo n'kupezanso madzi osatunga, vuto lawo n'lalikulu kuposa lathu. Iwo angachite bwino kupempha makolo ola limodzi la kuwerenga kusanade, kusiyana ndi kulimbana ndi koloboyi pakati pa usiku.

Koma usiku woipa umafikira aliyense, kaya ndi maliro, matenda kapena mantha a mayeso. Ukatero, m'mawa mwake tulukani padzuwa msanga, idyani phala lanu, imwani madzi. Mukapeza mpata mutatha nkhomaliro, gonani mphindi 20 zokha, ndipo mupemphe mnzanu akudzutseni. Mukapitirira mumalowa m'tulo tofa nato n'kudzuka mutasokonezeka kuposa poyamba. Madzulo kwambiri musagone, kuopa kuononga usiku wotsatira. Ndipo ngati mwagona bwino mlungu wonse, usiku umodzi wotembenukatembenuka mayeso ali mawa sungakugwetseni. Mapiritsi ogonetsa opatsidwa ndi mnzanu musalandire.

Pali kusowa tulo kwina kumene malangizo awa sangakuthe. Ngati papita milungu ingapo tulo tikukana, makamaka pamene mtima ulinso wosweka ndipo chakudya sichikoma, uzani aphunzitsi kapena anamwino a pa sukulu, musachite manyazi. Ngati mnzanu aliza mkonono kwambiri, n'kumaleka kupuma kwa kanthawi, n'kudzidzimuka ngati wotsamwa, muuzeni m'mawa, pakuti iye mwini sangadzimve, ndipo ndi matenda amene madokotala amawadziwa. Wina amagona maola okwanira koma masana onse ali kuodzera. Ameneyu akayezetse magazi, mwina ndi ochepa kapena muli malungo. Ndipo amene kwawo ndi kufupi ndi nkhalango za Nkhotakota kapena Vwaza, kumene kuli ntchentche za kashembe, akabwera kutchuthi ali ndi kutentha thupi, mutu ndi kusinza kosatha, atchule kuchipatala kumene anali, kuti amuyezenso nthenda ya kaodzera.