Nyumba za Lendi ku Mbayani: Werengani Kaye Musanakumbe Maziko

Lero tikamba za nyumba za lendi, chifukwa funso ili likundipeza kawirikawiri tikaweruka ku tchalitchi. Wina akuti, “Abusa, mwana wanga wa ku Joni watumiza kandalama.” Wina akuti, “Ndapuma pa ntchito, penshoni yatuluka, ndikufuna ndimange timanyumba ta lendi. Ndiyambire pati?” Tengani cholembera ngati chili pafupi, chifukwa lero tichitako masamu.

Mbayani ili ndi mwayi umodzi waukulu: ili pafupi ndi tauni. Mlonda, wogwira ntchito m'sitolo, mayi wogulitsa kaunjika, amadzuka m'mawa n'kuyenda wapansi kudzera pa Clock Tower osalipira minibasi. Wina akulowera ku makampani a ku Chirimba, msewu wake ndi womwewu wa Zalewa. Ndiye ofuna nyumba sasowa. Koma anthu akachuluka malo amachepa, ndipo malo akachepa akuba amachuluka. Apa ndi pamene oyamba kumene amagwera.

Malo ambiri kuno sanadulidwe ndi a mapulani. Anthu anangokhala, uyu n'kudulira mnzake, mnzakeyo n'kudulira mlamu wake, mpaka lero malire a poloti ndi mtengo wa mango kapena mwala. Ndiye wina akakuuzani kuti akugulitsa poloti, musathamangire kupereka ndalama chifukwa choti wanena kuti mawa kukubwera wogula wina. Msiyeni wogulayo abwere. Inu pitani masana, mukalonjere oyandikana nawo mbali zonse, muwafunse kuti malo ano ndi a ndani, anawapeza bwanji, malire ake akudutsa pati. Pitani kwa amfumu a m'deralo. Mukamva kuti ndi malo a malemu, chenjerani kawiri. Mwana mmodzi akhoza kukugulitsani malo a bambo ake abale ake osadziwa, ndiye mwafika pa denga, mukungoona achemwali ake atulukira kuchokera ku Thyolo ndi amalume awo. Pamenepo ndalama zija zadyedwa kalekale. Ana onse ndi mayi wamasiye asainire, mboni zikhalepo, nambala za ziphaso za unzika zilembedwe papepalapo.

Musathere kwa amfumu. Kwerani minibasi mupite ku Blantyre City Council ku Chichiri, mukafunse ngati malowo sali mu msewu wa mtsogolo, pansi pa nthambo zikuluzikulu za ESCOM kapena pamwamba pa mapaipi a Water Board, komanso zimene akufuna kuti akuloleni kumanga. Ena amati, “Aaa abusa, ine ndawapempherera malowa.” Pempherani ndithu, ine ndine woyamba kukulimbikitsani. Koma tsiku limene khonsolo idzabwere kudzagwetsa nyumba zomangidwa pamalo osaloledwa, adzakufunsani mapepala.

Ndipo poloti mukaione nthawi ya mvula. Mu Okutobala malo aliwonse ndi okongola. Mu Januwale ndi pamene mumadziwa njira ya madzi. Dera lathu lino ndi lotsetsereka, madzi akachoka kumtunda amathamangira ku Likhubula, ndipo safunsa kuti nyumba iyi ndi ya ndani. Tonse tikukumbuka Marichi 2023, namondwe Freddy, mmene matope ndi miyala zinatsikira kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Poloti yotchipa m'mbali mwa mtsinje kapena pansi pa chigwembe, isiyeni. M'nyumba ya lendi mumagona ana a eni ake, abale anga. Khoma likawagwera usiku, mudzawauza chiyani makolo awo?

Tsopano masamu aja. Tingoyerekeza, inu mudzaike manambala anu enieni. Mwagula malo ndi kumanga nyumba ziwiri zogundizana, iliyonse chipinda ndi balaza, chimbudzi ndi bafa panja, zonse pamodzi zakudyerani K12 miliyoni. Nyumba iliyonse mukuchititsa lendi K50,000 pa mwezi. Ziwirizo ndi K100,000, pa chaka K1,200,000. Anthu ambiri amaimira pomwepa n'kuyamba kumwetulira. Ayi, pitirizani. Pa chaka nyumba iliyonse idzakhala mwezi umodzi yopanda munthu, kapena munthu alimo koma sanalipire. Chotsanipo K100,000. Loko wathyoka, lata likudontha, pansi pakumbika, chimbudzi chadzaza, penti wafufuma. Chotsanipo K200,000 ina. Mwatsala ndi K900,000. Gawani K12 miliyoni ndi K900,000, mupeza zaka 13 ndi miyezi ingapo ndalama yanu isanabwerere. Mwamva? Zaka 13. Inde, lendi idzakwera m'zaka zimenezo, koma simenti ndi malata nazonso sizidzaima.

Ndiye taonani za ngongole. Mu 2024 Reserve Bank of Malawi inaika chiwongola dzanja chake pa 26 peresenti, ndipo ngongole za m'mabanki zinali m'menemo kapena kupitirira. Mutati mukongole K12 miliyoni yonse ija, chiwongola dzanja chokha pa chaka chikupitirira K3 miliyoni, pamene nyumba ikukupatsani K900,000. Ndani adzalipire zotsalazo? Ndi mphika wa ana anu. Za katapila sindifuna ngakhale kuzitchula. Banki nkhonde ndi yabwino pa geni yozungulira msanga, tomato, makala, mandasi, chifukwa mumabweza pakutha pa mwezi. Nyumba sibweza pa mwezi. Ngati mwatsala ndi zitseko ziwiri zokha kuti munthu alowe, kukongola pang'ono kukhoza kumveka. Koma kuyamba maziko ndi ndalama ya ngongole yobweza mwezi wamawa, mudzagulitsa nyumbayo ili pa windo, pa mtengo wolira.

Wina afunsa kuti, nanga ngati zili choncho timangirenji? Mangani, chifukwa nyumba imasunga chuma pamene kwacha ikugwa. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anasunga ndalama pansi pa pilo anadzuka ali osauka kuposa dzulo lake. Amene anali ndi malata padenga, malata aja anakhala pomwepo, mtengo wake n'kukwera. Ndipo mukadzakalamba, mawondo atakana kukwera chitunda cha Mbayani, kandalama ka lendi kadzakugulirani ufa ndi mankhwala. Kungoti muilowe nkhaniyi mukudziwa kuti ndi munda wa mitengo, zipatso zake zimachedwa.

Choncho mangani pang'onopang'ono, ndi ndalama zanu. Musayambe mdadada wa zitseko zisanu ndi chimodzi pamene mphamvu yanu ndi ya zitseko ziwiri. Tazungulirani m'makwalalamu muone nyumba zimene zinaima pa bimu zaka zapitazo, udzu utamera m'balaza, njerwa zikusungunuka ndi mvula. Ndalama zonse zija sizikubala kanthu. Malizani khomo limodzi, munthu alowe, lendi yake ithandize kumanga lachiwiri. Zipangizo gulani nokha, matumba a simenti muziwerenga akamalowa ndi pamene akutha. Mmisiri mugwirizane naye polemba, ndipo muzimulipira akamaliza gawo: maziko, pa windo, pa bimu, denga. Mukamupatsa zonse poyamba, mudzamusaka mpaka ku Lunzu. Pamalo otsetsereka musaumire pa maziko ndi ngalande. Penti akhoza kudikira, matailosi akhoza kudikira, koma madzi akalowa pansi pa khoma nyumba yatha.

Ndiime pang'ono pa chimbudzi, pakuti apa alandilodi ambiri timalakwira anthu. Pali mapoloti ena mabanja asanu ndi atatu, chimbudzi chimodzi, chitseko chake chiguduli. M'mawa mzere ngati pa chigayo. Kolera ija ya 2022 mpaka 2023 inavuta mu Blantyre muno mpaka sukulu zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023, ndipo matendawa amakonda malo otere. Pokonza poloti, yambani mwasankha pamene pakhale chimbudzi, bafa ndi dzenje la zinyalala, kenako muone kuti nyumba zikwana zingati. Ambiri amachita chobwerera, amadzaza poloti yonse ndi zipinda, chimbudzi n'kuchipanikiza pakhomo pa neba. Ikani silabu ya simenti, chitseko chenicheni ndi denga, ndipo musiye kanjira koti odzapopa adzafike chikadzaza. Madzi a ku bafa muwakumbire dzenje lawo, asamayenderere pabwalo la eni ake.

Magetsi ndi madzi ndi amene amayambanitsa anthu kuposa lendi yeniyeniyo. Mita imodzi ya ESCOM mabanja anayi, wina ali ndi babu limodzi ndi tchaja cha foni, wina ali ndi hotipuleti, ayironi ndi filiji, koma mayunitsi akusonkha mofanana. Nkhondo yake simungaithetse. Ngati mungathe, khomo lililonse likhale ndi mita yake. Ngati simungathe pakali pano, lembani poyera kuti aliyense azisonkha zingati, tsiku liti, ndi zipangizo ziti zimene zikuloledwa. Zokoka magetsi mozemba kuchokera kwa neba, nthambo kudutsa pansi pa nthaka, ndi mlandu, komanso ndi moto umene ukudikira tsiku lake. Pa madzi, ngati pali kiyosiki pafupi aliyense azikatunga yekha. Mukaika mpopi pa poloti, kumbukirani kuti akaunti ya Blantyre Water Board ili m'dzina lanu. Tenanti akasamuka osalipira, ngongole imatsalira inu.

Tsopano nyumba yatha, mulowetsamo ndani? Musatengeke ndi woyamba kufika ndi ndalama m'manja. Mufunseni kumene akuchokera, chifukwa chimene akusamukira, ntchito imene amagwira, anthu angati adzakhale m'nyumbamo. Pemphani nambala ya alandilodi ake akale, muwaimbire. Munthu wolongosoka sakwiya ndi mafunso amenewa. Kenako lembani mgwirizano, tsamba limodzi lokha, m'Chichewa chomveka: lendi ndi zingati, tsiku lolipira, notisi ndi ya nthawi yaitali bwanji kwa onse awiri, galasi likasweka akonza ndani, denga likadontha akonza ndani. Mapepala awiri, lina lake lina lanu, mboni isainire. Ndalama iliyonse ikalowa lembani lisiti, kapena azilipira pa Airtel Money kaya Mpamba kuti uthenga ukhale umboni. Akakupatsani lendi ya miyezi itatu nthawi imodzi, musaione ngati bonasi. Mukaidya sabata imodzi, mukhala miyezi iwiri ndi masabata atatu mukuyang'ana nyumba yanu ngati ya wina. Ndipo gawo lija la zokonzakonza muziliika padera mwezi uliwonse, chifukwa limenelo mwini wake ndi nyumbayo.

Ndinene ndi ife a mumpingo. Nkhani zambiri za lendi zimene zimafika pa tebulo langa ndi za anthu opemphera limodzi. “Ndi m'bale mwa Ambuye, tilemberanenji?” Lemberanani chifukwa chomwecho, kuti ubalewo usadzathere pa K50,000. Ndaona anthu akusiya kupatsana moni pakhomo la tchalitchi chifukwa wina akuti ndinalipira Juni, wina akuti ayi. Chimodzimodzi achibale. Ngati mukufuna kuthandiza mphwanu, muuzeni momveka kuti ukhala miyezi isanu ndi umodzi ulere, ikatha uyamba kulipira zakuti. Mukangoti “lowa, tidzaona,” mudzaonadi.

Nanga akapanda kulipira? Choyamba khalani naye pansi. Munthu amene walipira bwino zaka ziwiri, lero ntchito yamuthera kapena wagoneka mwana ku Queens, sali ngati uja amene ndalama ali nazo koma akukuzembani. Woyambayo gwirizanani kuti azibweza pang'onopang'ono, mulembe. Winayo mupatseni notisi yolemba monga mwa mgwirizano wanu, pamaso pa mboni. Akakana kutuluka, pitani kwa amfumu, zikakanika ku khoti la majisitireti. Zozula chitseko, zosasula malata mvula ili pamutu, zoponya katundu wa munthu panja kapena kumulanda wayilesi, musachite. Mlandu umatembenuka, amene munali wodandaula mumasanduka woyankha, ndipo ana amene agone pamphepo usiku umenewo sanakulakwireni kanthu. Pokweza lendi, muuzeni nthawi ikadalipo, musamudzidzimutse pa 30. Tenanti wolipira pa nthawi yake, wosesa pabwalo, wosachita phokoso, musamuthamangitse chifukwa cha K5,000 yoonjezera. Nyumba ikakhala mwezi umodzi yopanda munthu mwataya K50,000, ndipo K5,000 ija idzatenga miyezi khumi kuti ibweze.

Dziwaninso kuti lendi ndi ndalama yolowa, a MRA amaiwerengera pa msonkho, ndipo khonsolo ili ndi misonkho yake ya malo. Pitani mukafunse nokha zimene zikukukhudzani asanakupezeni ndi iwo.

Chotsiriza ndi cha inu azibambo, ngakhale amayi omanga nokha chikukukhudzani. Akazi anu adziwe pamene pali mapepala a poloti, adziwe kope la lendi, matenanti awadziwe kuti awa ndi eni nyumba. Kuyambira 2011 dziko lino lili ndi lamulo la chuma cha masiye limene limateteza mkazi ndi ana, ndipo kulanda katundu wa malemu ndi mlandu. Komabe lamulolo limagwira bwino ntchito pamene pali pepala. Lembani wilo, mutchule nyumba iliyonse ndi amene adzaitenge, musainire pamaso pa mboni ziwiri zimene sizidzalandirako kanthu. Pepala limodzi musunge kunyumba, lina mukasungitse kwa munthu wodalirika kunja kwa banja.