Chigafa Nachonso Chimafuna Dongosolo

Mukayenda m'midzi ya kwa Kapelula ku Kasungu m'nyengo yothyola fodya, mudzaona zigafa zitandanda kuseri kwa nyumba, masamba a bale akulendewera pamikangala mpaka kufiira. Ambiri amamanga chigafa pomwe afuna, osafunsa aliyense. Koma lamulo la mu 2016 loona za kakonzedwe ka malo linaika dziko lonse, midzi yomwe, pansi pa ndondomeko imodzi, ndipo makhonsolo ndiwo amayang'anira. Nzeru yake ndi yomveka: chigafa cha udzu choyandikana ndi khitchini chimaitana moto, ndipo cholowa m'malire a mnansi chimabala milandu kubwalo la mfumu.

Ena amati malo ndi a makolo awo, nanga chilolezo n'chachiyani? Dandaulo lawo lili ndi maziko, chifukwa ulendo wa kuboma umadya ndalama ya fetereza. Yankho si kutaya dongosolo, koma kulibweretsa pafupi, kuti mfumu ndi mlangizi wa zaulimi azionetsa malo oyenera. Alimi nawonso adzale chigafa chamoyo, mitengo yobzalidwa m'mizere kuti ikhale nsanamira zosafuna kudula chaka ndi chaka. Mlimi wa kwa Kapelula, funsani musanakumbe dzenje loyamba.