Phulusa, Mafuta ndi Sopo

Akuluakulu a kuno ku Majaua amakumbukira zaka za nkhondo imene inatha mu 1992, pamene kachidutswa ka sopo kanali chuma. Ngakhale lero amayi athu amatsuka mphika wa mafuta ndi phulusa, mphika n'kuyera. Kodi chimachitika n'chiyani?

Phulusa likanyowa limatulutsa madzi oluma, omwe aja timati chidulo. Madzi amenewa akakumana ndi mafuta amawaswa. Kanthu kalikonse kakang'ono ka mafuta kamagawika: mbali ina imakhala glycerine, ndipo mbali zitatu zotsala zimagwirana ndi mchere wa m'chidulo n'kusanduka sopo. Ndiye kuti mayi wotsuka mphika uja akupanga sopo pang'ono m'manja mwake. Katswiri wa ku France, Michel Chevreul, analongosola zimenezi m'buku lake mu 1823.

Nanga sopo amachotsa bwanji litsiro? Kanthu kalikonse ka sopo kali ngati munthu wa manja awiri. Dzanja lina limagwira mafuta, lina limagwira madzi. Tikamatsukuluza, madzi amakoka sopo, sopo n'kukoka litsiro.

Chidulo chimapanga sopo wofewa. Sopo wouma wa mugolosale amapangidwa ndi caustic soda. Ameneyu si soda wothira mu therere ayi: amawotcha khungu, amapha maso, ndipo mwana akamwa angathe kufa.

Apa m'pamene pali ntchito yathu. Kilogalamu imodzi ya mafuta a mtedza imafuna magalamu pafupifupi 130 a caustic soda. Soda akachuluka, sopo amasupula manja. Akachepa, mafuta amatsala ndipo banja lataya ndalama. Soda amathiridwa m'madzi pang'onopang'ono, osati madzi mu soda, chifukwa amatentha n'kuthovoka. Poto wa aluminiyamu sayenera, soda amamudya. Sopo akaumbidwa adikire masabata anayi asanagwiritsidwe ntchito.

Zonsezi zimafuna munthu wodziwa kuwerenga sikelo, kalendala ndi chenjezo la pa paketi. Choncho tiyeni tibweretse sikelo m'kalasi. Ophunzira ayeze mchenga wa magalamu 130, alembe nambalayo, ndipo aliyense alembe mawu akuti POIZONI, oti akamate pa botolo losungiramo soda. Kumbuyo kulibe maso: mwana amafika pa botolo mayi asakuona, ndipo mlongo wake wodziwa kuwerenga ndi amene angamuletse.