Mutu 6: Ampu ya besi ndi chinyengo cha mawati

Mnyamata wina wa ku Limphasa, woimba besi m'bandi ya pa maukwati, anandiitana kuti ndikaone ampu imene mlamu wake anamutumizira kuchokera ku Joni. "Achimwene, onani apa, 2000 watts!" anatero akuloza pa katoni. Loweruka lake anakaimba pa ukwati wapabwalo. Kiyibodi inkamveka, ng'oma zinkamveka, koma besi inkangolira phwerere ngati pepala lomatirira ku sipoko ya njinga. M'mutu uno tiona zinthu zinayi mwandondomeko: mphamvu, sipika, kulemera ndi magetsi. Koma ndiyambe ndi chimene chimandipweteka mtima.

Besi ndi mpweya. Nsambo yokhuthala kwambiri ya gitala ya besi, ya E, imanjenjemera ka 41 pa sekondi. Ya gitala wamba imanjenjemera ka 82, ndipo besi ya nsambo zisanu imatsika mpaka pa 31. Liwu lotsika chonchi kuti limveke, sipika iyenera kukankha mpweya wambiri, pang'onopang'ono koma mwamphamvu. Taganizani za amayi opeta mpunga uko ku dambo la Limphasa. Atenge mbale ya ndiwo m'malo mwa lichero, agwedeze manja mpaka thukuta kamukamu, mankhusu sachoka. Kapena msodzi wa ku Chintheche apalase bwato ndi sipuni m'malo mwa nkhafi. Mphamvu ali nazo, koma madzi amene akukankha ndi ochepa. Sipika yaing'ono yolumikizidwa ku ampu ya mawati ambiri ndi sipuni imeneyo.

Ndipo ife a m'boma la Nkhata Bay sitiyenera kuphunzitsidwa izi ndi buku. Ng'oma yaikulu ya malipenga imamveka kutsidya kwa mtsinje popanda waya ngakhale mmodzi, chifukwa chikopa chake n'chotambalala. Gasper Nali, mwana wa kuno komwe, amaimba babatoni wa nsambo imodzi, wotalika pafupifupi mamita atatu, ndipo liwu lake limachokera m'ng'oma ya chikopa cha ng'ombe imene ili kumunsi. Amene anayamba kupanga babatoni sanawerengepo za mawati, koma anadziwa kuti liwu lakuya limafuna mimba yaikulu. Azungu nawo anadutsa momwemo. Fender atatulutsa gitala ya Precision Bass mu 1951, chaka chotsatira anayenera kupanga ampu yakeyake, Bassman, yokhala ndi sipika ya mainchesi 15, poti za gitala wamba sizinkakwanitsa. Mu 1969 kampani ya Ampeg inatulutsa ampu ya SVT ya mawati 300, yoyenda ndi bokosi la masipika asanu ndi atatu a mainchesi 10. Mawati 300 okha, koma masipika asanu ndi atatu.

Tsono nambala ya pa katoni ija? Mukaona zilembo za PMPO pambali pa nambala, isiyeni, ndi ya otsatsa malonda. Yofunika ndi ya RMS, imene imanena mphamvu yomwe ampu ingapereke mosalekeza. Ngakhale imeneyo musaikhulupirire mopitirira. Kuchoka pa mawati 100 kufika pa 200 sikuchulukitsa phokoso kawiri, kumangowonjezera madesibeli atatu, omwe khutu limawamva ngati kusintha pang'ono. Kuti khutu linene kuti phokoso lawirikiza, mawati ayenera kuchuluka pafupifupi kakhumi. N'chifukwa chake woimba wa ndalama zochepa amapindula kwambiri akawonjezera bokosi lachiwiri la sipika kusiyana ndi kugula ampu ya nambala yaikulu.

Apa ndi pamene ambiri amawotcha katundu, choncho ndipatuke pang'ono. Kuseri kwa bokosi la sipika kumalembedwa maohm, kawirikawiri 8 kapena 4. Mabokosi awiri a 8 mukawalumikiza limodzi amakhala 4, ndipo maampu ambiri a besi amalekezera pomwepo. Awiri a 4 amakhala 2, ampu imatentha, imazima pakati pa nyimbo, kapena imafuka utsi. Ndinaona bandi ina itamangirira masipika anayi ku ampu imodzi ndi waya wa magetsi a m'nyumba, ati kuti anthu a kumsewu wa M5 amve. Anamva fungo lokha. Dziwaninso kuti nambala imene opanga amalemba nthawi zambiri ndi ya pa maohm 4. Fender Rumble 500 imapereka mawati 500 pokhapokha mutaiwonjezera bokosi lina. Payokha imapereka 350.

Cholakwa china ndi kupotokola batani lolembedwa bass mpaka kumapeto poganiza kuti ndiko kuimba besi. Kutero kumamaliza mphamvu za ampu pa mawu amene sipika yaing'ono singathe kutulutsa, kenako koilo ya m'sipikamo imapsa. Tsitsani bass pang'ono, kwezani mid, mudzamveka bwino pakati pa ng'oma ndi kiyibodi. Malo nawonso ali ndi mbali yake. M'tchalitchi makoma amabweza liwu, ampu ya mawati 100 ndi sipika ya mainchesi 12 kapena 15 imakwana. Pa mchenga wa kunyanja palibe chobweza, liwu limangopita ku Likoma. Ikani ampu pansi, kumbuyo kwake kukhale khoma, osati pa mpando wa pulasitiki pakati pa bwalo.

Nanga pa masiteji aakulu amatani? Chikondwerero cha Lake of Stars, chimene chinayambira ku Chintheche Inn n'kudzabwereranso komweko mu 2016, chinkasonkhanitsa khamu pa mchenga. Pa malo otero ampu ya woimba besi si imene imafikira anthu. Kuseri kwake kuli kabowo kolembedwa DI kapena line out, ndipo waya wochokera pamenepo amapita ku mikisa, masipika aakulu a siteji n'kugwira ntchito yonse. Ampuyo imangothandiza woimbayo kudzimva. Choncho ampu yaing'ono yokhala ndi kabowo kameneka ndiyabwino kuposa yaikulu yopanda. Ine sindingagule yopanda, ngakhale itatsika mtengo chotani.

Za kulemera sindichulukitsa. Maampu amakono a Class D ndi opepuka, Rumble 100 imalemera pafupifupi makilogalamu 10 ndipo imakwera kabaza. Ma Peavey akale ndi olemera ngati thumba la mpunga, koma amisiri a mawailesi amatha kuwakonza, pamene atsopanowa akafa pamafunika bolodi yonse.

Magetsi athu a ESCOM ndi a 230 volts. Ampu yochokera ku South Africa kapena ku UK ilibe vuto, koma ya ku America nthawi zambiri imakhala ya 120, ndipo mukailumikiza osawerenga kuseri ikhoza kufa nthawi yomweyo. Pa jenereta, yatsani jeneretayo kaye, ikhazikike, ampu pambuyo, ndipo musagawane waya ndi firiji ya zakumwa. Fyuzi ikapsa gulani ina ya nambala yomweyo, osakulunga kapepala ka siliva ka m'paketi ya ndudu.

Pogula yogwiritsidwa kale ntchito, tengani gitala yanu. Dinizani pakati pa sipika ndi zala mofatsa ampu ili yozima. Mukamva kukhulana, koilo inapsa kale. Nunkhizaninso m'bokosimo, chifukwa chinyezi cha kuno kunyanja chimafewetsa pepala la sipika ndipo ampu yosungidwa pa simenti nyengo yonse ya dzinja imanunkha nkhungu. Kenako imbani nsambo ya E yokha, voliyumu ili pamwamba, kwa mphindi zosachepera khumi, wogulitsa akuyang'ana.