Mwana akachedwa kuyankhula, kudikira si mankhwala

Tsiku la sikelo zinthu zimayenda mwa chizolowezi. Amayi amayimba, mlangizi wa zaumoyo amapereka phunziro, kenako ana amapachikidwa pasikelo mmodzimmodzi. Kulemera kumalembedwa m'buku, katemera amabayidwa, aliyense n'kubereka mwana wake ulendo wa kumudzi. Mwana wa zaka ziwiri yemwe sanatchulepo "amama" atha kudutsa pamzerewu mwezi ndi mwezi, thupi lili see, popanda wofunsa ngati amacheuka akaitanidwa.

Kunyumba yankho limakhala lilipo kale. "Musiyeni, bambo akenso anachedwa kuyankhula," amatero agogo. Ena amati lilime linamangika pansi, lifunika kudula. Zaka zikamapita, manong'onong'o amayamba akuti makolo anamukhwimira mwanayo kuti geni iyende. Nthawi zina agogo aja amalondola ndithu, mwana amadzangoyamba kulongolola. Koma akaphonya, zaka zimene ubongo umaphunzira chiyankhulo mosavuta zimakhala zapita.

Mwana wa miyezi 6 mpaka 9 amayamba kubwebweta timawu ngati "bababa". Pofika chaka amaloza chimene akufuna ndipo amatchula liwu limodzi kapena awiri. Pa zaka ziwiri amalumikiza mawu, monga "madzi amama". Ana amasiyana, inde, koma wa chaka ndi theka yemwe saloza, sayang'ana anthu kumaso, kapena sadzidzimuka chitseko chikamenyetseka, ayenera kuonedwa ndi achipatala. Chida choyezera zimenezi chilipo, ndipo chinapangidwira konkuno: Malawi Developmental Assessment Tool, chomwe Melissa Gladstone ndi anzake anasindikiza mu 2010. Chimaona mayendedwe a mwana, kagwiridwe ka zinthu, kayankhulidwe ndi kachezedwe, pogwiritsa ntchito zinthu zimene mwana wa kumudzi amazidziwa.

Zoyambitsa vutoli zambiri n'zodziwika m'zipatala zathu: kubanika pobadwa, chikasu chachikulu mwa khanda, malungo ogwira ubongo, matenda oumitsa khosi, ndi khutu lotuluka mafinya losiyidwa miyezi. Ana ena amabadwa ndi Down syndrome kapena autism. Bungwe la World Health Organization limati pafupifupi 60 pa 100 ya mavuto a kumva mwa ana ndi opeweka. N'chifukwa chake mwana wochedwa kuyankhula ayenera kuyezedwa makutu poyamba. Ntchitoyi imachitika ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre ndi ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe.

Akatswiri ophunzitsa ana kuyankhula ndi owerengeka kwambiri m'dziko muno, ndipo mayi wa ku Nsanje kapena ku Chitipa sangakwanitse thiransipoti ya sabata ndi sabata. Choncho ntchito yaikulu imagwera pakhomo, ndipo yambiri mwa iyo sifuna ndalama.

Taonani nthawi ya phala. Mayi wachikondi amadziwa kale chimene mwana akufuna, ndiye amamupatsa asanapemphe. Mwanayo alibenso chifukwa choyesera kunena kanthu. Mayi wina amakhala pamphasa, nkhope yake kuyang'anizana ndi ya mwana, kapu ya madzi dzanja ili, mbale ya phala dzanja linalo. Amafunsa, "Madzi? Phala?" n'kukhala chete. Kudikirako n'kovuta, pakuti mtima umafuna kuthandiza msanga. Mwana akayang'ana kapu, akatambasula dzanja, kapena akangoti "aa", ndiye kuti wayankha. Mayi amati, "Madzi! Ukufuna madzi," n'kumupatsa. Mawa lake chimodzimodzi: posamba, povala, potola nkhuni. Mawu afupiafupi, obwerezabwereza, otchula chinthu chimene mwanayo akuyang'ana pa nthawiyo. Kumukakamiza kuti "nena kapu, nena!" kumangomutseka pakamwa.

Mwana amene manja ndi miyendo zinauma, yemwe amapita ku mafizo, nthawi zambiri amamva zonse koma pakamwa pamakanika. Wotere akakhazikidwa bwino, mutu utachirikizidwa, atha kusankha ndi maso pa zithunzi zomata pa katoni: kapu, chimbudzi, mphasa, agogo. Amene amathandiza kwambiri pa zimenezi ndi ana anzake. Mwana wobisidwa m'nyumba poopa maso a anthu amamanidwa aphunzitsi abwino koposa, omwe akusewera masanje pabwalo pomwepo.

Makolo ambiri amaopa chinenero cha manja, amvekere mwana akazolowera manja sadzayankhulanso. Mantha amenewa alibe maziko. Zizindikiro zimamupatsa njira yonenera za kukhosi, kulira ndi kudzigwetsa pansi n'kuchepa. Kwa mwana wosamva, chimenechi ndicho chinenero chake, ndipo bungwe la Malawi National Association of the Deaf linatulutsa dikishonale yake mu 2021. Sukulu za ana osamva zilipo, monga Mary View ku Chiradzulu, Mua ku Dedza ndi Embangweni ku Mzimba, koma mwana amafikako ali wa msinkhu wa sukulu. Banja limene silinaphunzireko ngakhale zizindikiro zochepa limamutumiza kumeneko atakhala zaka zonsezo wopanda chinenero chilichonse.

Pakati pa khomo ndi pulayimale pali sukulu za mkombaphala. Alezi ambiri ndi ongodzipereka, osalandira malipiro okwanira, ndipo mmodzi amayang'anira gulu lalikulu. N'zosadabwitsa kuti wina amabweza mwana wotuluka dovu kapena wosadziwa kupempha kuchimbudzi. Koleji ya Montfort ku Nguludi imasula aphunzitsi a ana aulumali, koma iwo amapita ku pulayimale ndi ku sekondale. Ngakhale kalembera wa 2018, yemwe anapeza kuti munthu mmodzi mwa khumi alionse ali ndi ulumali, anayambira pa a zaka zisanu kupita m'tsogolo. Lamulo latsopano la anthu aulumali la 2024 ndi labwino papepala, koma lidzaoneka phindu lake mlezi wa kumudzi akadzaphunzitsidwa.

Inu makolo, musadikire kuti mufunsidwe. Ulendo wotsatira wa kusikelo, muuzeni mlangizi kuti mwana sacheuka kapena sanayambe kuyankhula, ndipo pemphani kalata yopita nayo kuchipatala cha boma.