Nyumba Imodzi, Otsatsa Ambiri: Msika wa Malo pa Foni ku Mzimba

Kuyambira kale munthu wa ku Mzimba amene wapita kutali kukagwira ntchito amafunitsitsa kuti thukuta lake lioneke kwawo, ndipo chizindikiro chake chachikulu ndi nyumba ya njerwa zootcha yofolera ndi malata. Amuna a ku Euthini, kwa Inkosi Chindi, pamodzi ndi anzawo a ku Embangweni, ku Jenda ndi pa Boma la Mzimba, adayenda kwa zaka zambiri ulendo wa ku migodi ya ku Joni atalembedwa ndi bungwe la Wenela. Ulendowo udaimitsidwa m'chaka cha 1974, ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74, ndipo udayambanso mu 1977 pansi pa dzina la Teba kufikira mu 1988. Kulemba anthu kotereku kudatha, koma njira ya ku Joni sidamere udzu. Masiku ano anyamata ndi atsikana amakwera okha mabasi kupita ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ndipo ndalama zawo zimafika kumudzi kudzera ku Mukuru, ku banki kapena pa foni.

Chimene chasintha kwambiri ndi kagulidwe ka malo. Kale munthu wa ku Joni ankalembera kalata mkulu wake, mkuluyo n'kupita kwa mfumu, malo n'kuonedwa ndi maso, malire n'kupondedwa ndi mapazi pamaso pa mboni. Tsopano msika udalowa mu foni. M'magulu a pa Facebook ndi a pa WhatsApp mumatuluka zithunzi za nyumba ndi mapuloti tsiku ndi tsiku, chilichonse chili ndi mtengo wake ndi nambala yoimbira. Izi zafupikitsa mtunda, koma zabweretsanso vuto limene ambiri salizindikira msanga, lakuti nyumba imodzi imatsatsidwa ndi anthu ambiri pamene mwini wake adatuma mmodzi yekha, kapenanso sadatume aliyense.

Momwe zimachitikira

Mwini nyumba akafuna kugulitsa kapena kuchititsa lendi, amagwirizana ndi ejenti, ndiko kuti munthu woima pakati pa iye ndi ogula. Ejentiyo amapita pamalopo, amajambula zithunzi, amafunsa za mapepala, amapangana ndi mwiniyo za mtengo ndi za komishoni yake, kenaka amaika uthenga pa intaneti. Pakangopita maola ochepa, munthu wina amene sadapondepo pakhomopo amakopera zithunzizo, amachotsa nambala ya mnzake, amaika yake, n'kuzitumiza m'magulu ena ngati kuti ntchitoyo ndi yake. Wachitatu amakopera kwa wachiwiriyo, wachinayi kwa wachitatu, ndipo aliyense amawonjezerapo kenakake pamtengo kuti adzapezepo pake. Mwachitsanzo, nyumba imene mwini wake adati K20 miliyoni ikhoza kuoneka pena pa K23 miliyoni, pena pa K26 miliyoni, chithunzi chili chomwecho.

Anthu ochita zimenezi ambiri amawatcha madobadoba, ndipo sali a mtundu umodzi. Ena cholinga chawo n'chakuti wogula akapezeka amutengere kwa ejenti weniweni kuti agawane komishoni, ngakhale kuti padalibe pangano lotero. Ena amafuna kumudumpha ejentiyo, afike okha kwa mwini nyumba ndi wogula wawo. Ena amakhalira ndalama yoonetsera nyumba, imene amalipiritsa munthu asanamuonetse, ndipo nyumba ikakhala kuti idagulidwa kale iwo samachotsa chithunzi chake, pakuti chithunzicho ndi nyambo yokokera anthu. Pomaliza pali akuba enieni, amene amauza wogula kuti ofuna nyumbayo ndi ambiri, choncho atumize msanga ndalama yachikole pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Ndalamayo ikangolowa, foni imazimitsidwa.

Amene amapwetekeka

Woyamba kupwetekeka ndi wogula, makamaka amene ali kutali. Mnyamata wogwira ntchito m'munda wa bwana ku Johannesburg sangathe kufika ku Euthini kudzaona puloti ndi kubwerera m'sabata imodzi, pakuti ndalama ya ulendo ndi yambiri ndipo ntchito ikhoza kumuthera. Iye amadalira chithunzi ndi mawu a munthu amene sadamuonepo nkhope. Ngakhale asaberedwe kotheratu, amalipira mtengo wokwera umene gawo lake silifika m'manja mwa mwini nyumba.

Wachiwiri ndi mwini nyumbayo. Ena amaganiza kuti otsatsa akachuluka ndiye kuti malonda ayenda msanga, koma akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa. Wogula wanzeru akaona nyumba imodzi ili ndi mitengo itatu ndi manambala asanu amaganiza kuti pali mlandu, ndipo amabwerera m'mbuyo. Nyumba imakhalitsa pamsika, mbiri yake n'kuipa. Komanso zithunzi za m'kati mwa nyumba, zoonetsa zitseko, mazenera ndi katundu, zimafika kwa anthu amene mwiniyo sakadafuna kuti azione. Malonda akachitika, pakhomo pamafika anthu awiri kapena atatu, aliyense akunena kuti wogulayo adabwera naye ndi iye ndipo akufuna komishoni yake.

Wachitatu ndi ejenti wokhulupirika, amene adawononga ndalama ya mayendedwe ndi nthawi yake, koma wokolola n'kukhala wina. Choipa china n'chakuti wokopera sadziwa nyumbayo, motero amayankha mafunso mongopeka. Amati madzi a m'mipopi alipo pamene kulibe, amati mapepala ndi okwanira pamene sadawaone. Bodza likaululika, anthu amada maejenti onse, abwino ndi oipa omwe.

Malo a makolo

Kumadera ngati ku Euthini nkhaniyi ili ndi mbali ina yolemera koposa. Malo ambiri kumeneko ndi a makolo, oyang'aniridwa ndi mafumu, ndipo mwa mwambo wa Angoni ndi Atumbuka a ku Mzimba malo amatsata mbumba ya kuchimuna. Munda umene mwana mmodzi amalima sukhala wake yekha ayi, pakuti abale ake, amayi amasiye ndi ana amene ali ku Joni alinso ndi mawu pa malowo. Tsono mwana mmodzi akajambula mundawo mobisa n'kupereka chithunzi kwa dobadoba, chithunzicho chimayenda m'mafoni mpaka kufika kwa munthu wa ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, pamene banja ndi mfumu sakudziwa kanthu. Wogula amabwera ndi njerwa, n'kupeza abale ataima pamalire.

Lamulo la malo a makolo la m'chaka cha 2016, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2018, lidakhazikitsa makomiti a malo otsogozedwa ndi nyakwawa yaikulu ya dera, pamodzi ndi anthu ena 6 osankhidwa, amene atatu kapena kuposerapo ayenera kukhala amayi. Mutu wa lamuloli ndi wakuti nkhani ya malo a makolo ikambidwe poyera, pamaso pa anthu odziwa malire ndi mbiri yake. Chithunzi cha pa foni sichingalowe m'malo mwa bwalo lotere.

Zimene malamulo amanena

Ena amaganiza kuti chilichonse chimene chili pa intaneti n'chosiyidwa panjira, aliyense akhoza kutola. Maganizo amenewa ndi olakwika. Lamulo la umwini wa ntchito zaluso la m'chaka cha 2016, limene bungwe la Cosoma limayang'anira, limateteza zithunzi monga momwe limatetezera nyimbo ndi mabuku, choncho kutenga chithunzi cha wina n'kuchitira malonda popanda chilolezo ndi kulakwa. Kutsatsa malonda mosocheretsa ogula n'koletsedwa, ndipo madandaulo otere amalandiridwa ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission. Kulandira ndalama ponama kuti uli ndi mphamvu yogulitsa chinthu ndi mlandu wopeza ndalama mwachinyengo, umene uli m'gawo 319 la malamulo a milandu ya upandu. Ndipo popeza kuyambira mu 2018 nambala iliyonse ya foni iyenera kulembetsedwa ndi chiphaso, wakuba sabisala mosavuta monga momwe amaganizira, ngakhale kuti ena amagwiritsa ntchito ziphaso za anzawo.

Ntchito ya uejenti payokha ili ndi malamulo ake. Dziko lino lidakhala ndi lamulo lofuna kuti ogulitsa nyumba, oyesa mitengo ya nyumba ndi ogulitsa katundu pa okushoni akhale olembetsedwa, ndipo m'chaka cha 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano la Real Estate Management lokonzanso ntchitoyi. Maiko ena adayenda kale njira yomweyi. Ku South Africa, kumene ana a ku Mzimba ambiri amakhala, lamulo la Property Practitioners la mu 2019 lidayamba kugwira ntchito pa 1 February 2022, ndipo ejenti wopanda satifiketi yovomerezeka alibe ufulu wolandira komishoni. Ku America bungwe la National Association of Realtors lili ndi malamulo a khalidwe kuyambira mu 1913, ndipo limaletsa mamembala ake kutsatsa nyumba popanda kupatsidwa mphamvu. Kumeneko maejenti amagawana malonda ndithu, koma amatero mwa pangano lodziwika, ndipo dzina la kampani imene idatumidwa ndi mwini nyumba limaonekera pa uthengawo. Kugawana ntchito sikulakwa. Cholakwika ndi kutenga osapempha.

Kwa aphunzitsi ndi otsiriza sukulu

Nkhaniyi ikukhudza aphunzitsi mwapadera. Mphunzitsi amene wakhala zaka makumi atatu m'nyumba za sukulu amalandira ndalama zake zopumira pantchito kamodzi kokha, ndipo kawirikawiri amafuna kugulira puloti kapena nyumba yokhalamo mu ukalamba. Ndalama zimenezi zikapita kwa munthu wabodza sizibwereranso. Safunsa adadya phula. Wogula afunse ejenti kuti amuonetse kalata imene mwini nyumba adalemba pomutuma, ndipo ejenti woona sakwiya ndi funso limeneli. Akumane ndi mwini nyumbayo, kapena atume mbale wokhulupirika kuti akaone malowo ndi kufunsa anthu oyandikana nawo. Ngati malowo ali ndi lizi, mapepala ake akatsimikizidwe ku ofesi ya za malo ku Mzuzu kapena ku khonsolo ya M'mbelwa. Ngati ndi a makolo, mfumu ndi banja lonse amve nkhaniyo. Ndalama iperekedwe kwa mwini wake pamaso pa mboni, ndi pangano lolembedwa ndi kusainidwa, osati kutumizidwa ku nambala yopezeka pansi pa chithunzi. Aliyense wofulumizitsa wogula kuti alipire lero lomwe ayenera kukayikiridwa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwini nyumba nayenso adziteteze polemba pangano ndi ejenti wake, lonena mtengo, komishoni, kutalika kwa nthawi, ndiponso ngati ejentiyo aloledwa kugawana malondawo ndi anzake. Nyumba ikagulidwa, auze onse kuti achotse zithunzi.

Kwa mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza Folomu 4 pa sukulu ya sekondale ya Euthini ndipo ntchito sikupezeka, udobadoba wa pa foni umaoneka wokopa chifukwa sufuna mpamba wina koma foni ndi mayunitsi. Koma malonda a malo amayenda ndi mbiri ya munthu, ndipo pa malo aang'ono ngati Euthini kapena Jenda, pamene aliyense amadziwa agogo a mnzake, mbiri ikaipa siyeretseka msanga. Njira yowongoka ilipo. Wachinyamata akhoza kupempha ejenti wolembetsedwa kuti azimuthandiza mwa pangano, n'kumaphunzira ntchito pang'onopang'ono. Amene adakhoza bwino mayeso akhoza kukachita maphunziro a kayendetsedwe ka malo ku Mzuzu University kapena ku MUBAS mumzinda wa Blantyre. Boma la Mzimba ndi lalikulu kuposa maboma onse m'Malawi, ndipo ana ake amene ali kunja akusowa anthu oti angawakhulupirire pa nkhani ya malo. Wachinyamata amene angadziwike kuti amatsatsa zokhazo zimene adatumidwa, ndi kunena zokhazo zimene adaona ndi maso ake, sadzasowa omutuma.